Za pa kanema wa ku Zambezi zija musakayesere pa mtsinje wa Namitete

Ngati mumakhalira TikTok kapena Facebook, mwauonako kanemayu: anthu ovala zisoti ali m'bwato la labala, mafunde oyera n'kuwameza onse, kenako n'kutulukira uko akukuwa ndi chimwemwe. Ndiye wina aziti, "Aaa izi n'zophweka, Namitete akadzaza tikwera chubu." Dikirani kaye, aise.

Makanema ambiri otere amajambulidwa pa Zambezi, m'chigwembe cha Batoka, kumunsi kwa mathithi a Victoria, pamalire a Zambia ndi Zimbabwe. Oyamba kutsika mmenemo ndi mabwato a labala anali a kampani ya ku America yotchedwa Sobek, mu 1981. Lero kuli ulendo wa tsiku limodzi, kulinso wa masiku angapo: masana kupalasa, usiku kugona pamchenga, uku ndi uku miyala yakuda italika kuposa mamita 100. Chakudya, matenti, mankhwala, zonse amamangirira m'bwato momwemo. Kulibe golosale kumeneko, ndipo wofuna kutuluka akwere phiri wapansi.

Malo amene madzi amalusa amawapatsa giredi, kuyambira 1 mpaka 6. Giredi 5 ndi ya akatswiri, 6 ndiye kuseweretsa moyo basi. Batoka ali ndi malo angapo a giredi 5, ndipo pamalo a nambala 9, omwe anawatcha Commercial Suicide, alendo amatsika n'kudutsa m'mbali wapansi. Zimenezo pa kanema sakuonetsani, eti? Sakuuzaninso kuti aliyense wavala jekete yoyandamitsa, kuti wowongolera bwato amadziwa mwala uliwonse, komanso kuti kumunsi kumakhala munthu pa kabwato kakang'ono kotchedwa kayak, ntchito yake kutola amene wagwa.

Asananyamuke amawaphunzitsa kagwedwe. Ukagwera m'madzi othamanga, gona chagada, miyendo iloze komwe madzi akupita, ndipo usayese kuimirira. Phazi likakodwa pakati pa miyala, madzi amakuweramitsa nkhope pansi n'kukupanikiza pompo, ngakhale akhale ofika m'chiuno mokha. Ichi chokha chisungeni, chimagwiranso ntchito kwathu kuno.

Zambezi sanayambe lero kuchititsa anthu manyazi. Mu 1860, gulu la David Livingstone linayesa kutsika ndi mabwato a mtengo pa Kebrabasa, kumtunda kwa Tete, komwe lero kuli damu la Cahora Bassa. Bwato la John Kirk linamenya mwala n'kugubuduka. Iye anapulumuka, koma zolemba ndi zojambula zake zinapita ndi madzi.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani. Ku Batoka nyengo yabwino ndi cha mu Ogasiti mpaka Disembala, madzi atachepa. Akachuluka kwambiri, cha mu Epulo ndi Meyi, makampani amaimitsa maulendo ngakhale alendo abwere ndi madola. Ife ndiye timachita zotembenuza: timathamangira kumtsinje mu Januwale ndi Febuluwale, utadzaza, madzi ali matope okhaokha osaona chimene chili pansi. Mmenemo muli zitsa, nsungwi ndi mitengo yogwa. Mtengo wogwa ndi woipa kuposa mwala, chifukwa madzi amadutsa m'nthambi koma munthu amatsakamira. Chubu kapena thunthu la nthochi sungaliwongole, limangopita komwe madzi afuna, ndipo anzako ali kumtunda ndi mafoni, palibe wagwira chingwe.

Kwa amene mtima ukufunadi, njira ilipo: msewu wa M12 womwewu mpaka ku Mchinji, kuwoloka pa Mwami, Chipata, Lusaka, kenako Livingstone. Pasipoti ndi ndalama ndiye zofunika, ndipo si zochepa. Musachedwe kwambiri: Zambia ndi Zimbabwe akhala akukonza zomanga damu la magetsi la mamegawati 2,400 m'chigwembe chomwechi, ndipo likadzamangidwa mafunde ambiri mukuwaona pa foniwo adzamira.