MAKARONI OZIZIRA NDI NKHUKU SAFUNA KUCEDWA PA DZUWA

Pa maukwati ndi pa misonkhano ya makalabu a amai mwayamba kuoneka mbale ya makaroni osakaniza ndi nyama ya nkhuku, imene anthu amadya yozizira. Pa Cingerezi dzina lake ndi salad, koma tisasokonezeke, pakuti kuno kwathu tikati saladi timanena mafuta ophikira. Makaroni ndi cakudya ca ku Italy copangidwa ndi ufa wa tirigu. Ubwino wake ndi wakuti nkhuku imodzi, imene pa nsima ingakwanire banja limodzi lokha, imafikira alendo ambiri.

Kaphikidwe kake n'kosavuta. Wiritsani nkhuku ndi mcere kufikira nyama italeka kufiira pafupi ndi fupa, ndipo ikapola muicotse mafupa ndi kuiduladula. Makaroni a magalamu 500 muwathire m'madzi a mcere amene awira kale, akhalemo mphindi 8 kapena 10. Akapitirira apo amasanduka phala. Akhetseni ndi kuwatsuka ndi madzi ozizira amene munawiritsa kale, osati ongotunga kumene pa citsime. Tsono sakanizani nyama ija, matimati, anyezi, masupuni 4 a mafuta ndi madzi a mandimu 2. Ena amaika mayonezi wa m'sitolo, koma ife tiona kuti nshawa za Chalimbana zokazinga, zothyolathyola, zimakometsa koposa, ndipo zili kale m'nkhokwe.

Pali cinthu cimodzi cimene amai ayenera kucigwiritsa. Nsima ndi ndiwo timadya zotentha, ndipo moto ndiwo umatiphera tizilombo toyambitsa matenda. Cakudya ici sicibwereranso pa moto. Kacilombo kakalowamo kucokera ku manja, ku nchenche kapena ku mpeni umene unadulira nkhuku yaiwisi, kamapeza nyama yonyowa ndi kuyamba kuswana. Tizilombo totere timaculuka msanga pa kutentha kwa pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo mphuno siingakucenjezeni, cifukwa cakudya coopsa cikhoza kununkhira bwino lomwe. Zotsatira zake ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba, zimene zimafooketsa msanga ana ndi okalamba.

Akatswiri a zaumoyo amalangiza kuti cakudya cotere cisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola 2, ndipo kukatentha kuposa madigiri 32, ola limodzi lokha. Taganizani za cikondwerero ca ufulu pa 24 October, pamene ku cigwa ca Luangwa kumatentha kuposa pamenepo, mbale ili pa tebulo kuyembekeza kuti olankhula onse atsirize!

Cotero kumene kulibe firiji musaphike dzulo lake. Phikani tsiku lomwelo, nthawi ya kudya itayandikira, mutasamba m'manja ndi sopo. Mbaleyo muivundikire, muiike m'beseni la madzi ozizira pa mthunzi ndi kufundika saka lonyowa pamwamba. Izi zimathandiza pang'ono cabe, sizilowa m'malo mwa firiji. Ngati mwambo ucedwa, gawirani anthu makaroni poyamba, nsima ibwere pambuyo. Zotsala musamangire ana pa mpango kuti akadye madzulo kunyumba, zitayeni.