Civilization isakudyeleni tulo: chepetsani ma click, mutu usebenze

Ba guys bambili bamene bamasowela Civilization VI bali na vuto imozi: game bamaiyamba na mphamvu, koma kuisiliza ni nkhani ina. Poyamba muli na city imozi chabe, vonse vili m'manja. Mukafika ku turn 300, ma city yapaka, basilikali bali mbwee, aliyense ayembekeza kuti mumuuze vochita. Turn yamene inali kusila mu ma second manje idya ma minute. Nthawi yakwana 02:00, kuseni kuli nchito.

Game iyi, yamene Firaxis inatulutsa mu 2016, ili na ma turn 500 pa speed ya Standard. Palibe munthu wogwila nchito angakwanitse kuyang'ana kanthu kalikonse pa turn iliyonse. Nzelu ni kuziba vamene vifunika mutu wanu, vinango muvisiye viziyendela veka.

Yambani na ma city. Osasankha chomanga chimozi chimozi: ikani vingapo mu production queue, city izisebenza yeka. Pamene muyenela kukhala pansi na kuganiza ni poika district, chifukwa mukaika yakhala pamenepo, siichoka. Campus pafupi na mapili imabweletsa science yambili, ndipo phindu iyo muzadya mpaka game kusila.

Basilikali bamene sibali pa nkhondo, bapatseni Fortify olo Alert. Wa pa Alert amakhala zii mpaka adani bafike pafupi. Scout muikeni pa auto-explore azizungulila yekha. Mukatsegula civic ya Nationalism, ma unit yabili yofanana mungayaphatikize kukhala corps. Mobilization imalola yatatu kukhala army. Mphamvu yakwela, ma click yachepa.

Ku ma settings, yatsani Quick Movement na Quick Combat. Kupenyelela kavalo athamanga kumawama siku yoyamba chabe. Ngati nthawi ni yochepa maningi, sankhani map ing'ono na speed ya Online, yamene ili na ma turn 250. Onani futi kuti autosave isebenza, malaiti yakapita musalile.

Chachikulu: sankhani msanga mwamene mufuna kuwinila. Ngati ni Science, lekani kuvutika na tunkhondo tosapindula. City ya namba 14 yamene ilibe chothandiza pa plan yanu, ipatseni project, muiibale.

Na bopanga game banaiona vuto iyi. Mu Civilization VII ya 2025 banachotsa ma builder, ndipo commander amanyamula basilikali bangapo pamozi. Ba pa foni bali na The Battle of Polytopia, mwamene mode ya Perfection imasila pa ma turn 30, yokwana ulendo wa minibus kuchoka ku Chelstone kufika mu town pa traffic ya kuseni.

Weekend ino, tsegulani ija save munasiya pakati, muisilize.