Mwana wa pa Lizulu angathe kulamula kompyuta

Makolo ambiri m'boma la Ntcheu akamva kuti mwana akuphunzira kompyuta, amangoganiza zotaipa makalata. Komatu pali luso lina loposa pamenepo, lomwe ndi kuiuza kompyutayo chochita. Njira imodzi yoyambira lusoli ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Scratch.

Scratch inatuluka m'chaka cha 2007 kuchokera ku sukulu yaukachenjede ya MIT m'dziko la America, motsogozedwa ndi Mitchel Resnick. Anaikonzera makamaka ana a zaka 8 mpaka 16, ndipo ilipo m'zinenero zoposa 70, kuphatikizapo Chiswahili ndi Chizulu.

Mwana sachita kuloweza malamulo ovuta kulemba ayi. Amangokoka tizidutswa tooneka ngati njerwa n'kumatilumikiza. Njerwa iliyonse ndi lamulo: ina imati yenda, ina bwereza, ina werengera. Njerwa yosayenera malowo imakana kulowa. Akamaliza kumanga, kamphaka ka pakanema kamachita zomwe walamula.

Tiyerekeze mwana amene mayi ake amagulitsa kabichi pa Lizulu. Atha kumanga njerwa yofunsa kuti "Makabichi angati?", ina yochulukitsa yankho ndi mtengo, ina youza kamphaka kuti katchule ndalama zonse. Ndalama zikalakwika, amabwerera n'kufufuza pomwe wasokoneza. Apa ndiye pagona phunziro, chifukwa mwana amazolowera kuganiza mwadongosolo.

Ubwino wina ndi woti Scratch ikaikidwa m'kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti, choncho nkhawa ya bandulo palibe.

Vuto lili pa zipangizo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'dziko muno ndiwo ankaunikira magetsi. Mwana wa ku Tsangano kapena ku Kasinje angakhale ndi nzeru, koma popanda kompyuta ndi mphunzitsi lusolo lingofera m'mazira.

Ku Lilongwe zinayambika kale. Bungwe la mHub, lomwe anayambitsa Rachel Sibande, lakhala likuphunzitsa ana ndi atsikana kupanga mapulogalamu.

Nanga ku Ntcheu kuno tidikire ndani? Ngati pasukulu ya mwana wanu pali kompyuta ngakhale imodzi, kafunseni ahedi ndi akomiti ngati angaikemo Scratch. Ana angamasinthane awiriawiri akaweruka. Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba.