Kasitomala amatsata dzanja la telala, osati chikwangwani cha shopu

Mwezi wa Ogasiti ukafika, makina osokera pa Ntcheu boma sapuma. Sukulu zimatsegulira mu Sepitembala, choncho makolo amakhala akufuna mayunifomu. Anthu agulitsa kachewere, nyemba ndi chimanga, ndiye zinkhoswe ndi maukwati zimangoti mbwee. Komanso mwambo wa Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko, womwe umachitikira pa Nkolimbo motsogozedwa ndi Inkosi ya Makosi Gomani V, umakhala wayandikira, ndipo palibe amene amafuna kukaonekera kumeneko ndi chovala cha chaka chatha.

Iyi ndiyo nyengo imene eni mashopu osoka amapha makwacha. Koma ndi nyengo yomweyinso imene ena mwa iwo amaluza telala wawo wodalirika, ndipo kawirikawiri gwero lake silikhala malipiro okha.

Mu shopu yosoka ya anthu anayi kapena asanu ntchito imagawika. Pali mwini shopu, amene amalandira maoda ndi kusunga ndalama. Pali osoka, pali wophunzira amene amasita ndi kuika mabatani. Ndiye pali munthu mmodzi amene amaganiza sitayilo. Mayi akabwera ndi chithunzi cha pa WhatsApp n'kunena kuti akufuna diresi ngati limenelo, munthu ameneyu ndiye amayang'ana thupi la mayiyo, n'kuyang'ana chitenje, n'kudziwa kuti khosi lija silikhala bwino pokhapokha litatsitsidwa pang'ono. Ndiye amadziwa kudula kuti maluwa a chitenje akumane bwino pamsoko, osati duwa lina kuyang'ana kumwamba, lina pansi. Kuyendetsa makina munthu angaphunzire m'miyezi yowerengeka, koma diso lotere limatenga zaka.

Vuto limayamba kasitomala akabweranso kudzayamikira. Anthu kuukwati adamufunsa kuti wasoketsa kuti, ndipo lero wabwera ndi anzake awiri. Mwini shopu amamwetulira, kulandira ulemu wonse ngati kuti choko ndi sizasi adagwira ndi iye. Amene adaganiza sitayiloyo ali pompo, kuseri kwa makina, akumva zonse. Sayankhula kanthu. Amangoyamba kusunga manambala a foni a makasitomala.

Eni mashopu ambiri amaiwala kuti usoki suli ngati chigayo, chomwe kuti munthu ayambe chake amafunika mpamba wa mamiliyoni. Telala akapeza makina amodzi opalasa ndi phazi, ngakhale ogwiritsidwa kale ntchito, ndi khonde la golosale, basi wayamba yake. Ntcheu ili ndi malo ambiri otero: Lizulu, pomwe msewu wa M1 ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique ndipo ogula amachokera mbali zonse ziwiri, Kampepuza, pa mphambano ya ku Tsangano, Kasinje. Wina amangokwera basi wa ku Joni. Akachoka, makasitomala amafunsa kumene wapita, ndipo amamutsata. Chikwangwani chimatsala pakhoma.

Nkhani yotere si ya kumudzi kuno kokha. Aliyense wogulitsa nsapato za kaunjika amachidziwa chizindikiro cha Nike, chija chooneka ngati chongi cha mphunzitsi. Adachijambula ndi Carolyn Davidson m'chaka cha 1971, ali wophunzira pa yunivesite ya Portland State ku America, ndipo adalandira madola 35 okha. Phil Knight, mmodzi mwa eni kampaniyo, poyamba sadachikonde kwenikweni. Koma mu 1983, bizinesi itakula, kampaniyo idamuitana mayiyu n'kumupatsa mphete yagolide yokhala ndi chizindikiro chakecho komanso masheya a kampani. Padapita zaka 12, zomwe ndi zochuluka, ndipo telala wa pa Ntcheu sangadikire choncho. Chofunika kuona apa n'chakuti kuthokozako kudali pawiri: dzina lake lidadziwika, ndipo m'thumba mwake mudalowa kanthu.

Mbali ya dzina siwononga ngakhale tambala. Kasitomala akayamikira, mwini shopu angomuitana wosokayo kuti abwere kutsogolo, n'kunena kuti ntchitoyi ndi ya uyu. Poika chithunzi cha diresi pa Facebook kapena pa WhatsApp, alembe dzina la shopu ndi la amene waganiza sitayilo. M'kope la maoda mukhale danga lolembamo amene wadula ndi amene wasoka chovala chilichonse. Kope lotere limathandizanso chovala chikalakwika, chifukwa sipakhala kulozana zala.

Apa eni mashopu ali ndi mantha, ndipo mantha ake ndi omveka: ukamutchula dzina, makasitomala amudziwa n'kuyamba kumupatsa maoda a kuseri. Zimachitikadi. Koma pa boma ngati Ntcheu chinsinsi chotere sichikhalitsa. Amayi amacheza kutchalitchi, kuchigayo ndi kubanki m'khonde, ndipo pasanathe miyezi iwiri onse amadziwa amene ali ndi dzanja labwino mu shopu ina iliyonse. Kubisa dzina sikutseka njira ya maoda a kuseri. Chimene chimaitseka ndi pamene wantchito aona kuti oda ikadzera pakhomo la shopu, iyenso apindula.

Mbali ya ndalama ndiyo imene ambiri amaizemba. Kwacha itachepa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya ulusi, mazipi, layiningi ndi zitenje idakwera, ndipo mu Febuluwale 2024 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Eni mashopu adapanikizika mbali zonse. Komabe pali njira yosafuna kukweza malipiro a mwezi: kuika mtengo wa sitayilo padera. Mwachitsanzo, ngati diresi wamba limasokedwa pa K12,000, la sitayilo yatsopano likhoza kukhala K15,000, ndipo pa K3,000 yapamwambayo theka lipite kwa amene waiganiza. Gulu la amayi 20 a paukwati likaikonda sitayiloyo, woganizayo apeza K30,000 ndipo shopu ipeza K30,000 ina imene sikadaiona n'komwe. Walipira ndi kasitomala, osati mwini shopu.

Koma ndalama yotere isasokonezedwe ndi zimene lamulo lidalamula kale. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati maola ogwira ntchito asapitirire 48 pasabata, ndipo ola lililonse lowonjezera lilipidwe ngati ola limodzi ndi theka, pomwe kugwira tsiku lopuma kapena la holide kulipidwe kawiri. Munthu amene wachezera pamakina usiku wa Lachisanu kuti mkwatibwi avale Loweruka m'mawa, kumugulira fanta ndi chipisi si kumuthokoza ngati maola akewo sadalipidwe. Imeneyo ndi ngongole.

Pali njira ina imene eni mabizinesi ang'onoang'ono amatengera ku mabanki ndi makampani akuluakulu, yopachika chithunzi cha wantchito wa mwezi. Pa anthu 200 mwina imagwira. Pa anthu anayi okhala m'chipinda chimodzi imangobala nsanje, makamaka wopambana akamakhala yemweyo mwezi ndi mwezi, kapena akakhala mphwake wa bwana. Mutu umodzi susenza denga: sitayilo yabwino imawonongeka ngati wosoka wakhotetsa msoko kapena wosita wawotcha kolala. Kuyamikira kogwira mtima ndi kotchula chinthu chenicheni, tsiku lomwelo, monga kuuza wophunzira kuti zipi ija waiika mosaonekera. Kudzudzula kudikire makasitomala atuluke.

Ophunzira amene amadzera ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, amafunanso chinthu china: umboni wa zimene akudziwa. Kuwalola kujambula zovala zimene apanga ndi kuwalembera kalata yonena zoona pochoka kumachititsa kuti asiyane ndi shopu mwamtendere. Oda ya mayunifomu 300 ikadzabwera, amenewa ndiwo oyamba kuitanidwa kudzathandiza.

Zonsezi zikukhudzanso akalipentala amene mnyamata wawo adaganiza kapangidwe katsopano ka sofa, owotcherera mageti ndi mawindo, olemba zikwangwani komanso ophika makeke a paukwati. Amene ali ndi wantchito wotere akhale naye pansi maoda a Ogasiti asadayambe kuchuluka, agwirizane gawo la sitayilo ndi malipiro a maola ausiku, ndipo alembe zimenezo patsamba loyamba la kope la maoda, onse awiri asaine.