Nkhanza Yobadwira Kumayadi: Chenjezo la J.G. Ballard

Anthu ambiri akamva za ulamuliro wankhanza amaganiza za asilikali, akasinja ndi ndende zodzaza. Mlembi wa ku England, J.G. Ballard, ankaona kuti nkhanzayo ingathe kumeranso kumayadi, kumene kapinga ndi wotchetcha bwino, anthu amadya n'kukhuta, ndipo Loweruka likafika amakagula zinthu zomwe ali nazo kale. Imeneyi ndiyo nkhani ya Kingdom Come, buku lake lomaliza la nthano, lomwe linatuluka mu 2006, kutatsala zaka zitatu kuti amwalire.

Nthanoyi ikuchitikira ku Brooklands, katauni ka m'mbali mwa M25, msewu waukulu wozungulira London, kufupi ndi bwalo la ndege la Heathrow. Pakati pa katauniko pali Metro-Centre, chinyumba cha masitolo ambirimbiri pansi pa denga limodzi, chokhala ndi mahotela ngakhalenso kanema wakewake. Richard Pearson, katswiri wotsatsa malonda yemwe ntchito yangomuthera, akufika kumeneko chifukwa bambo ake, omwe kale ankayendetsa ndege, awomberedwa ndi mfuti m'chinyumbamo. Pofufuza za imfayo akupeza zoti usiku uliwonse anthu ovala malaya oyera a mtanda wofiira wa St George, chizindikiro cha mbendera ya England, amatuluka m'mabwalo a masewera n'kumakaswa masitolo a Amwenye ndi kuthamangitsa anthu obwera. Apolisi amangoyang'ana.

Chochititsa mantha n'choti gulu limeneli lilibe chipani, lilibe mfundo. Mtsogoleri yemwe likumupeza ndi David Cruise, muulutsi wa pa kanema wa Metro-Centre, munthu womwetulira koma wopanda choti anene. Amene akumukonzera mawu ndi zithunzi zoti anthu azimukhamukira ndi Pearson yemwe uja, amene luso lake la malonda lamuposa chikumbumtima. Apa Ballard analasa penipeni. Wotsatsa sopo ndi wotsatsa mtsogoleri wankhanza amagwira ntchito imodzi: kumuuza munthu kuti chilipo chomwe akusowa, ndi kumulozera komwe angakachipeze kapena yemwe wamulanda.

Pamapeto pake otsatira a Cruise akudzitsekera m'chinyumbamo pamodzi ndi ogula omwe awagwira ukapolo. Ena akuyamba kupembedza zidole zitatu zikuluzikulu za zimbalangondo zomwe zinaikidwa kuti zizisangalatsa ana, mpaka kumazisiyira uchi ngati nsembe. Zidolezi Ballard sanazilote. Anaziona ku Bentall Centre, m'tauni ya Kingston upon Thames, kosatalikira ndi kwawo.

Ndipo moyo wakumayadi ankaudziwa bwino. Kuyambira mu 1960 anakhala ku Shepperton, dera labata kunja kwa London, m'nyumba wamba momwe analeleramo yekha ana atatu mkazi wake atamwalira mu 1964. Koma anabadwira ku Shanghai mu 1930, m'banja lolemera la antchito ambiri, ndipo kuyambira 1943 mpaka 1945 iye ndi makolo ake anatsekeredwa ndi asilikali a Japan mumsasa wa Lunghua. Mwana amene waona moyo wa mwanaalirenji ukusanduka njala ndi waya waminga sakhulupiriranso kuti mpanda wokongola ndi chitetezo. Chilonda chimenecho chikuoneka mu High-Rise, buku la 1975 lonena za anthu ophunzira okhala m'nyumba yosanjikiza yamakono omwe akuyamba kumenyana nsanja ndi nsanja, komanso mu Running Wild la 1988, momwe makolo onse a m'dera lina lotchingidwa ndi mpanda ndi makamera akupezeka ataphedwa m'mawa umodzi.

Ku America nakonso alembi anadandaula zomwezi. Mu Fahrenheit 451 la Ray Bradbury, la 1953, boma limawotcha mabuku koma anthu anali atasiya kale kuwerenga, atakodwa ndi makanema odzaza khoma. Mu The Stepford Wives la Ira Levin, la 1972, amuna a m'katauni kokongola ka ku Connecticut akuchotsa akazi awo n'kuikapo maloboti osatsutsa, ongokamba za sopo ndi polishi. Mbiri yeniyeni nayo ili ndi chitsanzo: Levittown, mudzi wa nyumba zoposa 17,000 zofanana womwe unayamba kumangidwa mu 1947 kunja kwa New York, unali ndi lamulo loletsa anthu akuda kukhalamo.

Kingdom Come si buku lopanda banga. Anthu ake amalankhula ngati aphunzitsi m'kalasi, ndipo ganizo limodzi limabwerezedwa mpaka kutopetsa. Chachikulu n'choti Ballard akuika mlandu wonse pa kukhuta ndi kusowa chochita, n'kuiwala umphawi. Zipolowe za ku England za mu 2024, pamene magulu a anthu anaukira mahotela osungiramo othawa kwawo ku Rotherham ndi ku Tamworth, zinakula kwambiri m'matauni momwe ntchito zinatha kalekale, osati kumayadi kwa anthu okhuta.

Komabe amene anaona zithunzi za masiku amenewo, makamaka abale athu okhala ku Britain omwe ena anaopa kutuluka m'nyumba, anazindikira zambiri zomwe bukuli linanena. Ku Hull anthu anathyola masitolo mkati mwa chipolowe cholimbana ndi obwera, ndipo mmodzi mwa ojambulidwa anatuluka atanyamula katundu wakuba atavala malaya a mtanda wa St George. Ballard sanatchule zifukwa zonse, koma pa ubale wa chilakolako chogula ndi chidani cha mlendo ananena zoona, ndipo bukuli n'lofunika kuliwerenga.