Dzuwa la Masana Lifunditsa Anapiye Usiku

Ana anga a ku Mkanda, senderani kuno. Kodi mwanapiye akamva kuzizira amathawira kuti? Eya, mwakhoza! Amalowa m'mapiko mwa make. Nanga mlimi akagula anapiye 200 a tsiku limodzi, amawo amakhala kuti? Palibe. Mlimiyo ndiye ayenera kuwapezera kutentha, usana ndi usiku.

Kodi tianapiye timafuna kutentha kotani? Sabata yoyamba timafuna madigiri pafupifupi 33. Kumbukirani masana a mu Okutobala, thukuta lili kamukamu. Kutentha kwake n'komweko! Nthenga zenizeni za anapiye zimakhala zisanamere. Ndiye taganizani usiku wa mu Juni kuno ku Mchinji, inu mutadzipinda m'bulangete. Anapiye akazizidwa amaunjikana pakona n'kumapsinjana, ena mpaka kufa. Zimenezi zimandimvetsa chisoni kwambiri.

Nanga alimi amatani? Ambiri amayatsa mbaula ya makala m'khola. Imatenthetsa ndithu. Koma makala ndi ogula, ndipo sachedwa kutha. Utsi wake umadwalitsa anapiye. Mlimi amadzuka pakati pa usiku kukawonjezera makala. Tiyeni tiwerengere. Tiyerekeze kuti thumba limodzi limatha pa sabata. Gulu limodzi la anapiye lifuna moto masabata 4. Pachaka mlimi alera magulu 5. Matumba onse ndi angati? Gwiritsani zala kapena timiyala. Mwapeza 20? Ndalama zambiri zimenezo, mitengonso yambiri!

Bwanji osangoyatsa magetsi a ESCOM? Magetsi ambiri a m'Malawi amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kutali kummwera. Mawaya ake sanafike m'midzi yambiri. Kumene anafikako, mayunitsi ndi ogula, ndipo nthawi zina magetsi amazima.

Kodi ulipo moto wina wosagula? Ulipo, ndipo umatuluka m'mawa uliwonse! Dzuwa lili kutali makilomita pafupifupi 150 miliyoni. Koma kuwala kwake kumafika padenga la khola m'mphindi 8 zokha. Tangoganizani! Phala lanu lisanazizire, kuwala kwadutsa mtunda wonsewo. Kukagwa pa sola, ija yakuda yonyezimira, kumasanduka magetsi. Palibe utsi, palibe phokoso. Chonde musaliyang'ane dzuwalo ndi maso, limawononga maso.

Koma anapiye amazizidwa usiku, dzuwa litalowa. Ndiye zitheka bwanji? Apa ndi pamene pandisangalatsa. Magetsi a masana amayenda m'waya n'kukalowa m'batire. Batire ili ngati nkhokwe. Timakolola masana, timatapa usiku. Mdima ukagwa, batire imayatsa nyale yotenthetsa, anapiye n'kugona momasuka pansi pake. Kutentha kumene akumva pakati pa usiku ndi kwa dzuwa la dzulo masana!

Kodi kasola kakang'ono kotchajira foni kangakwanitse? Ayi, ana anga. Babu lowunikira limadya magetsi pang'ono. Nyale yotenthetsa ndiyo yadyera. Imafuna masola angapo ndi batire yaikulu, ndipo kugula zimenezi kumafuna ndalama zambiri poyamba. Mlimi wanzeru amayamba ndi mababu, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Akagula wagula. Dzuwa silimulipiritsa pakutha pa mwezi.

Mababuwo ndi a chiyani m'khola la nkhuku zazikulu? Nkhuku zoikira zimaikira bwino zikamaona kuwala maola pafupifupi 16 patsiku. Dzuwa lathu limawala maola ngati 12. Atsala angati? Inde, 4! Amenewo babu la sola limakwaniritsa. Sola imayendetsanso makina ofungatira mazira, amene amaswa pakatha masiku 21, ndi firiji yosungira katemera wa chitopa.

Kodi zoterezi ziliko kuno kwathu? Ziliko. M'boma lathu lomwe lino la Mchinji, mudzi wa Sitolo uli ndi masola ambiri pamalo amodzi, opereka magetsi kunyumba ndi kumagolosale. Ku Salima kuli munda waukulu wa masola umene unatsegulidwa mu 2021.

Nanga sola iyang'ane kuti kuti ikolole dzuwa lambiri? Yankho mulipeze nokha. M'mwezi wa Juni kapena Julayi, zikani kamtengo kowongoka pabwalo. Nthawi ikakwana 12 koloko masana, onani mthunzi wake. Uloza kummwera, chifukwa dzuwa lapendekera kumpoto. N'chifukwa chake masola kuno amawapendeketsa kumpoto. Kenako yendani pamsika wa Mkanda ndi munthu wamkulu. Werengani masola amene muwaone pamadenga. Ndi angati ayang'ana kumpoto? Ndi angati adzaza fumbi? Fumbi limatchinga kuwala. Ngati kwanu kuli kasola kapansi, pemphani chilolezo, mukapukute ndi kansalu kofewa konyowa m'mawa, kasanatenthe.