Kumanganso injini ya turbo ya RB26DETT

Kumanganso injini, kumene amakaniko ambiri amakutcha ovaholo, ndi ntchito yotsitsa injini m'galimoto, kuiphwasula yonse, kuyeza zitsulo zake, kusintha zimene zatha, kenako kuimanga kuti igwirenso ntchito ngati yatsopano. Pa injini ya turbo ntchitoyi ndi yovuta kuposa pa injini wamba, chifukwa zitsulo zake zimakumana ndi kutentha komanso mphamvu zochuluka, ndipo cholakwika chaching'ono chimene injini wamba ikanapirira kwa zaka chikhoza kuipha m'masiku ochepa. Nkhaniyi ikufotokoza ntchitoyi potengera RB26DETT, injini ya kampani ya Nissan ya ku Japan, imene anthu okonda galimoto zothamanga amaimanganso kawirikawiri m'maiko ambiri.

Mbiri ya injiniyi

RB26DETT inatuluka mu 1989 m'galimoto ya Nissan Skyline GT-R ya mtundu wa R32, ndipo inapitirira mu R33 ndi R34 mpaka 2002. Dzina lake limafotokoza mmene ilili: RB ndi banja la mainjini, 26 ndi malita 2.6, D akusonyeza kuti ili ndi ma camshaft awiri pamwamba, E ndi mafuta opoperedwa molamulidwa ndi kompyuta, ndipo TT ndi ma turbo awiri. Ili ndi masilinda 6 ondondozana pamzere umodzi ndi mavavu 24. Silinda iliyonse ndi yotakata mamilimita 86 ndipo pisitoni imayenda mamilimita 73.7, zimene zimapereka 2,568 cc. Buloko yake ndi ya chitsulo cholemera chosungunula, pomwe hedi ndi ya aluminiyamu.

Nissan inkalemba kuti injiniyi imatulutsa mphamvu ya 280 PS. Panthawiyo makampani a galimoto ku Japan anali atagwirizana kuti asamalengeze nambala yoposa imeneyi. Koma injiniyo inapangidwa ndi cholinga cha mpikisano wa Group A, kumene inkatulutsa mphamvu yoposa 500 PS. R32 inapambana mipikisano yonse 29 imene inalowa mu Japanese Touring Car Championship kuyambira 1990 mpaka 1993, ndipo ku Australia inapambana Bathurst 1000 mu 1991 ndi 1992. Nkumeneko kumene dzina loti Godzilla linafalira.

Mbiri imeneyi ndi imene imachititsa kuti mainjini ambiri a RB26 afike pofunika kumangidwanso. Eni ake amadziwa kuti buloko ndi yolimba, choncho amawonjezera mphamvu, ndipo zitsulo zina zing'onozing'ono zimalephera kupirira. Komanso ngakhale injini yomaliza kupangidwa tsopano yapitirira zaka 20.

Zimene turbo imachita m'kati mwa injini

Injini wamba imakoka mpweya yokha pamene pisitoni ikutsika. Turbo imaukankhira m'kati. Utsi wotuluka m'injini umazunguza kagudumu kamodzi, ndipo kagudumuko kalumikizidwa ndi kena kamene kamapanikiza mpweya wolowa. Timagudumuti timazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi. Kupanikizika kowonjezerako kumatchedwa boost ndipo kumayezedwa mu bar. Mpweya umene timapuma m'mphepete mwa nyanja yamchere uli pafupifupi 1 bar, choncho boost ya 1 bar ikutanthauza kuti silinda ikulandira mpweya pafupifupi kuwirikiza kawiri. Mpweya wambiri umafuna petulo wambiri, ndipo moto wake umakhala waukulu. RB26 yochokera kufakitale imayenda pa boost ya pafupifupi 0.7 bar.

Mpweya ukapanikizidwa umatentha, nchifukwa chake umadutsa kaye mu intercooler kuti uzizire. Ukalowa uli wotentha kwambiri, kapena petulo akachepa, kapenanso pulagi ikayatsa msanga, mbali ina ya mafuta imaphulika yokha m'malo moyaka mwadongosolo. Kuphulika kumeneku kumamveka ngati timiyala tikugunda m'chitini. Kumaswa m'mphepete mwa pisitoni pamene pamakhala maring'i, ndipo kumapondereza mabering'i. Pa boost yaikulu zimenezi zimachitika m'masekondi ochepa, dalaivala asanamve nkomwe.

Malo ofooka a RB26

Oilo ndiye vuto lodziwika kwambiri. Pampu ya oilo imazunguzidwa ndi mphuno ya crankshaft, ndipo pa ma R32 oyambirira mbali imene imagwira magiya a pampuyo inali yaifupi. Injini ikamazungulira kwambiri kwa nthawi yaitali, magiyawo amadyeka kapena kusweka, oilo nkusiya kuyenda, ndipo mabering'i amapsa. Apa ndi pamene anthu amati injini yanoka. Nissan inatalikitsa mbaliyo pambuyo pake, ndipo amene akumanganso crankshaft yakale amaikapo kachitsulo kozungulira kotchedwa collar kuti pampu igwire pamalo aakulu.

Vuto lina ndi loti injini ikathamanga kwambiri, oilo wambiri amakwera kuhedi nkuchedwa kutsika, sampu nkutsala ndi wochepa. Galimoto ikakhota mwamphamvu, wotsalayo amathawira mbali imodzi ndipo pampu imakoka mpweya. Omanga amachepetsa timabowo topititsa oilo kuhedi ndiponso amaika timakoma m'sampu. Sampu ya GT-R si beseni wamba: popeza galimotoyo imakoka ndi matayala onse anayi, difu yakutsogolo inamangiridwa pasampu pomwepo, choncho kuichotsa ndi ntchito ndithu.

Ma turbo a kufakitale pa galimoto zambiri anali ndi kagudumu ka ceramic kumbali ya utsi. Nkopepuka ndipo kamazungulira msanga, koma boost ikakwezedwa kupitirira pafupifupi 1 bar kamatha kuthothoka.

Kupeza chimene chinapha injini

Mmisiri wabwino sathamangira sipanala. Ngati injini ikulirabe, amayamba wayeza mmene silinda iliyonse ikupanikizira mpweya. Kenako amapopera mpweya m'silinda kudzera pabowo la pulagi nkumvetsera kumene ukutulukira: ukamveka kuekizozi ndiye kuti vavu sikutseka bwino, ukamveka pothirira oilo ndi maring'i, ndipo thovu likaoneka mu rediyeta ndi gasiketi ya hedi kapena mng'alu. Fyuluta ya oilo amaidula kuti aone zimene yagwira. Tizidutswa tonyezimira ngati mkuwa ndi umboni woti mabering'i adyeka.

Pophwasula, chitsulo chilichonse chimalembedwa nambala ndi kuikidwa m'ndondomeko yake, chifukwa chimanena nkhani. Pisitoni yokumbikakumbika pamwamba ngati yalumidwa ndi chiswe ikusonyeza kuphulika kuja. Bering'i yakuda ndi yopsa ikusonyeza kusowa kwa oilo. Ngati pisitoni imodzi yokha ndiyo yasungunuka, kawirikawiri injector ya silinda imeneyo inkapereka petulo wochepa. Gawo limeneli ndi limene ambiri amalidumpha, ndipo ndi limene limawadyera ndalama kawiri. Munthu akaika mapisitoni atsopano koma pampu ya petulo yofooka ija ikadali m'thanki, injini yatsopanoyo idzafa imfa yomweyo.

Kuyeza ndi kupala

Buloko, hedi ndi crankshaft zimapita kwa akatswiri a makina opala zitsulo. Kumeneko amazitsuka, kufufuza ming'alu, ndi kuona ngati pamwamba pa buloko ndi pansi pa hedi pali posalala. Masilinda okandika amawakulitsa pang'ono, nthawi zambiri kufika 86.5 kapena 87 mm, ndipo amagula mapisitoni a saizi imeneyo. Mashopu osamala amamangirira chitsulo chochindikala pamwamba pa buloko pamene akusalaza masilinda, chifukwa mabawuti a hedi akamangidwa silinda imapindika pang'ono, ndipo iyenera kukhala yozungulira bwino itamangidwa kale.

Miyezo yake ndi yaing'ono modabwitsa. Mpata wa pakati pa crankshaft ndi bering'i, mmene oilo amadutsa, ndi wa mamilimita pafupifupi 0.03 mpaka 0.06, wocheperapo kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Ukachepa, oilo sakwana ndipo chitsulo chimakhudza chitsulo. Ukakula, oilo amathawa ndipo mphamvu yake imatsika. Amauyeza ndi micrometer pa bering'i iliyonse payokha ndipo manambala amalembedwa. Maring'i nawo amasiyidwa ndi kampata pamene nsonga zake zimakumana. Pa injini ya boost yaikulu kampatako amakakulitsa dala pochita kupala ndi dzanja, chifukwa ring'i ikatentha imatalika, ndipo nsonga zikagundana imaswa pisitoni.

Apa mwini galimoto ayenera kunena zoona za mphamvu imene akufuna. Wofuna kuyenda nayo mumsewu pa boost ya kufakitale safunika zitsulo za mpikisano. Wofuna mphamvu yowirikiza amagula mapisitoni ndi ma conrod osulidwa, gasiketi ya hedi ya zitsulo zosanjikizana, mabawuti olimba, pampu ya oilo yamphamvu, ma injector aakulu ndi kilatchi yoti ipirire. Mapisitoni osulidwa ena amafutukuka kwambiri akatentha, choncho amasiyidwa omasuka pang'ono, ndipo m'mawa injini ikadali yozizira amamveka kugogoda. Amene sakudziwa amaganiza kuti makaniko wamubera.

Zida zoyambirira za Nissan zinayamba kusowa galimotozi zitakalamba. Mu 2017 NISMO, nthambi ya Nissan ya zamipikisano, inayamba kupanganso zida zina za R32, ndipo mu 2019 inawonjezera buloko ndi hedi za RB26.

Kumanga

Dothi ndi mdani wamkulu pa gawo ili. Njira zonse za oilo m'buloko ndi mu crankshaft zimatsukidwa ndi timaburashi, ndipo masilinda amapukutidwa mpaka nsalu yoyera itatuluka yoyera. Ngati injini inanoka, chozizira oilo ndi mapaipi opita ku ma turbo amasinthidwa, chifukwa tizidutswa ta bering'i timabisala mmenemo nkudzatuluka injini yatsopano itangolira. Kumangira injini yotere pabwalo la fumbi ndi kutaya ndalama.

Bawuti iliyonse ili ndi mlingo wake womangira ndipo imamangidwa ndi torque wrench. Mabawuti a hedi amamangidwa kuyambira pakati kupita kunja, m'magawo angapo. Akaika pisitoni iliyonse amazunguza crankshaft ndi dzanja kuti amve ngati pali pamene ikugwira. Mpata wa mavavu pa RB26 sudzikonza wokha ndi oilo, koma umasinthidwa ndi timbale tachitsulo ta makulidwe osiyanasiyana, vavu iliyonse mwa 24 payokha. Lamba wa taiming'i, pampu ya madzi, ma seal ndi mapaipi a rabala amene auma ndi ukalamba amaikidwa atsopano.

Kuliza koyamba

Injini ikabwezedwa m'galimoto, sailiza nthawi yomweyo. Amachotsa mapulagi, kudula petulo, nkuizunguza ndi sitata mpaka geji itasonyeza kuti oilo wafika paliponse, kuphatikizapo m'ma turbo. Ikalira, wina amayang'ana geji ya oilo ndi ya kutentha, wina amayang'ana pansi ngati pakudontha kanthu. Oilo woyamba amachotsedwa msanga ndipo fyuluta amaidulanso.

Maring'i atsopano amafunika kukhazikika pakhoma la silinda, ndipo zimenezi zimachitika m'makilomita oyambirira. Kusiya injini ikungolira pamalo amodzi kwa maola sikuthandiza, chifukwa maring'i amakankhidwira kukhoma ndi mphamvu ya moto. Dalaivala amaponda pang'ono, nkusiya galimoto ibwerere yokha ili m'giya, mobwerezabwereza, osalola boost kukwera. Omanga amasiyana maganizo pa kutalika kwa nthawiyi. Ena amamaliza pa dyno m'tsiku limodzi, ena amafuna makilomita pafupifupi 1,000. Ambiri amagwiritsa ntchito oilo wa mineral poyamba nkudzasinthira ku synthetic pambuyo pake.

Kompyuta ndi petulo

Injini ikasinthidwa ma turbo kapena ma injector, kompyuta yake iyenera kukonzedwa kuti idziwe petulo woyenera kuthira ndi nthawi yoyatsira pulagi. Ntchitoyi imachitikira pa dyno, makina amene matayala amazungulirapo galimoto ili chiimire. Wokonzayo amakweza boost pang'onopang'ono akuyeza utsi ndi kumvetsera kuphulika.

Apa nkhaniyi ikukhudza aliyense woitanitsa galimoto ya turbo kuchokera ku Japan, monga amachitira anthu ambiri ku Malawi ndi ku Zambia. GT-R ndi yosowa m'misewu yathu, koma ma Subaru a turbo alipo ndipo amadwala matenda ofanana. Galimoto zothamanga za ku Japan zinakonzedwera petulo wa octane yapamwamba wa kumeneko. Zikapatsidwa petulo wa octane yotsika, malire a kuphulika amayandikira. Injini yomangidwanso iyenera kukonzedwa ndi petulo yemweyo amene mwini wake azigula tsiku ndi tsiku.

Kubwerera pamsewu

Galimoto imene yakhala pagaraja miyezi yambiri imakhala ndi mavuto ena kupatula injini. Petulo wakale m'thanki amaola ndipo amatseka ma injector. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, mabuleki amachita dzimbiri nkugwira, ndipo matayala amauma ngakhale mano ake akuoneka abwino. Zaka za tayala zimawerengedwa pa manambala anayi a m'mbali mwake: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Ngati mphamvu yawonjezedwa, mabuleki ndi rediyeta ziyenera kulingana nayo.

Pamafunikanso mapepala. Ku Japan galimoto imayesedwa pa ndondomeko yotchedwa shaken, ndipo ku Malawi imafunika COF ndi inshulansi. Ngati buloko yasinthidwa, nambala ya injini imasinthanso, ndipo mwini wake ayenera kukaonetsetsa kuti ikugwirizana ndi imene ili m'mapepala a galimoto.

M'masabata oyamba oilo ndi madzi amayang'anidwa m'mawa uliwonse. Injini imasiyidwa itenthe kaye isanapatsidwe boost, ndipo ikachoka pothamanga imayendetsedwa mofatsa kwa mphindi zingapo isanazimitsidwe, kuti oilo asapsere m'ma turbo. Nthawi yokhazikitsa maring'i ikatha, amayezanso masilinda onse 6 ndi kusunga manambalawo, kuti adzawayerekeze ndi a m'tsogolo injini ikadzayamba kusintha kaliridwe.